Connie Chiume: ulendo wake sudayambire ku Wakanda

Achemwali, mwafunsa ngati malemu Connie Chiume, amene adaoneka mu filimu ya Black Panther, anali Mmalawi, komanso kuti adafika bwanji pamenepo, poti mwana wanu wamkazi wakakamira zoti adzakhale wa zisudzo. Ndiyankha zonse ziwiri, koma ndikhalitsa pa lachiwirilo.

Mayi Chiume anali nzika ya South Africa. Adabadwira ku Welkom, tawuni ya migodi ya golide ku Free State, pa 5 June 1952. Bambo awo ndiwo anali a kwathu kuno, ochokera ku Usisya m'boma la Nkhata Bay, pomwe mayi awo anali Mzulu. Tikamati ndi mwana wathu sitikunama, magazi ndi akonkuno. Koma luso lawo lidakulira ku Joni, m'zilankhulo za kumeneko, ndipo ulemu umenewo tisawalande eni dziko.

Ambiri a ife tidawadziwa mu 2018 ataoneka ngati mmodzi wa akuluakulu a ku Wakanda (dziko lopeka la mu filimu ija), mtsogoleri wa fuko la okumba migodi. Nthawi imeneyo anali ndi zaka 65, atagwira kale ntchito ya zisudzo zaka zoposa 40. Apa ndi pomwe ndikufuna mwana wanu amvetsetse. Mu filimu ija adaoneka mphindi zochepa chabe. Amene akufuna kuona luso lawo lenileni alifune kwina.

Adayamba ngati mphunzitsi. Adamaliza maphunziro a uphunzitsi mu 1976, chaka chomwe ana asukulu a ku Soweto adaukira boma la tsankho, ndipo mu 1977 adalowa gulu la oimba ndi ovina lomwe lidakasewera mpaka ku Greece. Ganizirani kulimba mtima kwake: mtsikana wachikuda, nthawi ya apartheid, kusiya choko ndi malipiro a pamwezi n'kutsata ntchito yomwe makolo ambiri ankaiona ngati yopanda tsogolo. Wailesi ya kanema inali itangoyamba kumene ku South Africa mu 1976, ndipo matchanelo a zilankhulo za anthu akuda adadza mu 1982. Choncho wosewera wachikuda analibe kwina kophunzirira koma pa siteji. Adasewera m'masewero a nyimbo monga Ipi Tombi, Porgy and Bess ndi Little Shop of Horrors. Pa siteji palibe zoti tibwereze. Uyenera kuloweza mawu onse, kuimba, kuvina, mawu ako n'kumveka mpaka kwa munthu wa pa mpando womaliza, usiku ndi usiku. Ine ndimakhulupirira kuti mphamvu yomwe tinkaiona pa kanema idachokera kumeneko.

Pa kanema adayamba kudziwika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Mu 2000 adalandira mphotho ya Avanti chifukwa cha Soul City, sewero lophunzitsa za umoyo, kenako mu 2009 adalandira SAFTA, mphotho ya mafilimu ndi masewero a pa kanema ku South Africa, chifukwa cha sewero la Zone 14 komwe ankasewera ngati Stella Moloi.

Koma mbali ziwiri zomwe zimandigwira mtima ndi Mamokete Khuse wa mu sewero la pa kanema la Rhythm City ndi Mam'Sonto wa mu sewero la Gomora. Mamokete anali mayi wa m'komboni, wolimbana ndi umphawi, wolera ana movutikira, mayi woti aliyense wa ife akhoza kumuloza ku Ndirande kapena ku Kawale. Mam'Sonto, amene adayamba kumusewera mu 2020, anali wosiyaniratu: gogo wokonda banja lake koma wotsogolera gulu lolanda magalimoto ku Alexandra, komboni ya ku Johannesburg. Ankatha kukuopsa osakweza mawu, kungokuyang'ana basi. Munthu mmodzi kunyamula amayi awiri otalikirana chonchi, owonera n'kukhulupirira onse awiri, limenelo ndiye luso, ndipo silibwera ndi nkhope yokongola kapena otsatira ambiri pa Facebook.

Zina zidatsatira mwachangu: mu 2020 anali mu filimu ya Black Is King ya woimba Beyoncé, mu 2022 adabwereranso mu gawo lachiwiri la Black Panther, chaka chomwechonso adalandira SAFTA yolemekeza ntchito ya moyo wawo wonse. Adamwalira pa 6 August 2024 ku Johannesburg ali ndi zaka 72.

Pali china chomwe sindikufuna kukubisirani. Ngakhale ku South Africa, komwe makampani a kanema ndi aakulu, osewera akhala akudandaula zaka zambiri kuti amagwira ntchito pa makontrakiti osakhalitsa, opanda penshoni, ndipo sewero likabwerezedwa kuonetsedwa ambiri salandira kanthu. Ngati zili choncho kumeneko, kwathu kuno mukudziwa nokha.

Ndiye mwanayo musamuletse, achemwali, koma musamunamizenso. Amalize sukulu monga adachitira Mayi Chiume. Alowe kalabu ya drama kusukulu kwake, achite nawo mipikisano ya masukulu, asewere kutchalitchi ngati mpata ulipo, aphunzire kuimba ndi kuvina, azolowere kuima pamaso pa anthu enieni asanayambe kuthamangira kamera. Ngati ali wofunitsitsa, ku University of Malawi ku Zomba amaphunzitsa drama. Ndipo tsiku lomwe adzamupatse kontrakiti yoyamba, mukhale naye pansi muwerenge tsamba lililonse asanasaine.