Musanagule matailosi a pakhonde, onani kaye kumene madzi a mvula akulowera

Kalata yatipeza kuchokera kwa mayi wina wa ku Area 25 mu Lilongwe. Akuti khonde la nyumba yawo, la mamita 5 m'litali ndi mamita 2 m'lifupi, lachita ming'alu, polishi sakugwiranso, penti ya m'munsi mwa khoma ikumatuka, ndipo chitseko cha kumaso chimafufuma m'dzinja mpaka kuchita kuchikankha ndi phewa. Akufunsa ngati kuika matailosi ndi kupenta kungathetse zonsezi alendo a Khirisimasi asanafike.

Mayi, zikomo potilembera. Matailosiwo ayambe adikira. Mavuto anayi mwatchulawa gwero lake ndi limodzi, ndiwo madzi, ndipo mukangowaphimba, pofika Febuluwale adzatulukiranso pamwamba pa zatsopanozo.

Tengani ndowa yodzaza, muthire pakati pa khonde, muone. Madzi akathamangira pabwalo, zili bwino. Akadikha pamodzi kapena kulunjika kukhomo, ndiye kuti amisiri sanapereke mtsetse. Khonde liyenera kutsika ndi sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka pa mita iliyonse kuchoka kukhoma, choncho lanu la mamita 2 mbali ya kubwalo ikhale yotsika ndi masentimita 2 kapena 3. Liyeneranso kukhala lotsikirako poyerekeza ndi pansi pa m'nyumba. Kenako yang'anani kumwamba. Malata akamathera pamphepete penipeni pa khonde popanda gata, madzi amagwa pansi n'kuthovukira kukhoma, dothi la m'mbali n'kumakokoloka, maziko a khonde n'kumatitimira pang'onopang'ono. Ming'alu yambiri imabadwira pamenepo. Ikani gata ndi paipi yotsitsa madzi mumgolo kapena mungalande, ndipo kutsogolo kwa khonde yalani njerwa zootcha kapena konkire ya theka la mita kuti dothi lisamakumbike.

Tsopano pansi. Gogodani paliponse ndi mpini wa nyundo. Pamene pakumveka ngati ng'oma, simenti ya pamwamba inalekana ndi konkire ya pansi, ndipo mumateko chilichonse sichingagwire. Pagumulidwe ponse. Konkire yotsalayo itemedwe-temedwe kuti ikhale yokhakhala, isesedwe, inyowetsedwe dzulo lake, ndipo pa tsiku la ntchito muipake phala la simenti ndi madzi musanathire matope atsopano phalalo lisanaume.

Muyeso wake ndi gawo limodzi la simenti ku magawo atatu a mchenga wa kumtsinje wosefa. Pa khonde lanu la masikweya mita 10, kukhuthala kwa masentimita 4, mufunika matumba 4 a simenti a makilogalamu 50 ndi mawilibala a mchenga ngati 6. Apa m'pofunika kuimapo nokha, chifukwa m'pamene ntchito zambiri zimaonongekera. Mchenga wa kudambo wosakanikirana ndi dothi umafooketsa simenti: finyani wonyowa m'manja, ukasiya matope pachikhato, ubwezeni. Madzi akachuluka matope amafewa, mmisiri amagwira ntchito mosavuta, koma akauma amang'aluka ndi kufumbutuka. Matope abwino ndi oti mukaumba m'manja akugwirana osadontha. Mmisiri ayambe wakhoma zizindikiro za mtsetse ndi levulo ndi chingwe, asamayeze ndi maso.

Ngati mumakonda khonde lofiira lija la makolo, sakanizani gawo limodzi la okusayidi, ufa wofiiritsa simenti, ndi magawo atatu kapena anayi a simenti, zouma, mpaka mtundu ufanane. Muwaze pamwamba matope akangoyamba kugwira, n'kusalaza ndi chipande chachitsulo. Mukatero phimbani ndi masaka onyowa kapena pulasitiki, muzithirira masiku 7 osadumphitsa. Dzuwa la Okutobala limaumitsa simenti isanakhwime, ndipo khonde lotero limatuluka fumbi moyo wake wonse, ngakhale mulipake Cobra m'mawa uliwonse. Polishi adikire mwezi wathunthu.

Matailosi si oipa, koma ambiri amene amakopa maso m'sitolo ndi a m'nyumba. Onyezimira aja akanyowa amaterera koopsa, ndipo pakhonde m'pamene agogo amatsikira, ana amathamangira. Funsani okhakhala, opangidwira panja, ndipo muyese kudontheza madzi pa limodzi n'kupitapo ndi chala. Gulani masikweya mita 11 m'malo mwa 10 chifukwa ena amasweka podula, ndipo mtundu womwewo mwina sudzapezekanso chaka chamawa. Zomatira zake zidzaze kunsi konse kwa tailosi. Kuika timadontho tisanu m'makona ndi pakati kumasiya mphako, ndipo mwendo wa mpando umaliphwanya tsiku limodzi. Kumbukiraninso kuti matailosi amakweza pansi ndi sentimita imodzi kapena iwiri, choncho yezani ngati chitseko chidzatsegukebe.

Masitepe akhale ofanana onse, masentimita 15 mpaka 17 kutalika, ndi 28 mpaka 30 popondapo. Sitepe imodzi ikasiyana ndi zinzake, ndiyo imagwetsa anthu usiku.

Za khoma lija. Mukaona ufa woyera ngati mchere pamene penti yamatuka, chinyezi chikukwera kuchokera pansi. Onani ngati dothi la maluwa silinaunjikidwe kukhoma mpaka kupitirira pulasitiki wakuda uja amayala pamaziko. Dothi likhale masentimita 15 kunsi kwake. Palani penti yonse yofooka, chotsani mcherewo ndi bulashi youma, khoma liume milungu ingapo, kenako penti yoyambira (undercoat) ndi penti ya panja kawiri. Mzere wakuda kapena wofiirira wa penti ya mafuta m'munsi umabisa matope othovuka ndipo umatsukika, koma pakhoma lonyowa umachita matuza.

Chitseko chimamwa madzi kudzera m'mphepete mwa pansi ndi pamwamba, malo amene opaka penti ambiri sawakhudza chifukwa saoneka. Chichotseni pamahinjesi nthawi yowuma, kalipentala apale pang'ono pamene chikukhula, ndipo mbali zonse zisanu ndi imodzi zipakidwe vanishi kapena penti. Musachipale kwambiri mvula ili mkati, chifukwa chilimwe chikafika chidzanyala n'kusiya mpata wolowera fumbi ndi udzudzu.

Nsanamira za mitengo, kaya za bulugamu, zisakwiriridwe m'dothi. Chiswe chimadya m'kati, kunja kukuoneka bwinobwino. Zikhale pa kachitsulo kozikidwa mu konkire, kunsi kwake kutapakidwa Solignum, mankhwala oteteza mitengo ku chiswe. Mapaipi achitsulo nawo amafuna penti yoletsa dzimbiri, makamaka pamene akukhudzana ndi simenti.

Zotsalazo n'zopepuka: babu la LED kapena nyali ya sola pambali pa chitseko osati pamwamba penipeni, kuti tizilombo touluka tisamalowe nanu m'nyumba, chopondera chokhakhala, ndi miphika iwiri ya maluwa yoboola kunsi, yopanda mbale zosunga madzi.

Ndalama zikakhala zochepa, chaka chino chitani gata, mtsetse ndi chitseko, ndipo muyambe Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala kuti simenti ikhwime mvula ya Novembala isanagwe. Penti ya khoma ndi matailosi zikhoza kudikira mpaka Meyi.