Pattaya sinathe, kasitomala ndi amene anasintha

Achimwene, funso lanu lili pawiri. Mukuti munafika ku Pattaya, tauni ya kugombe ya ku Thailand, mu 2013 ndipo mukufuna kubwererako, koma anzanu akukuuzani kuti tauniyo inatha, usiku kumangokhala zii. Kenako mwatchulanso za mzungu wa kuntchito kwanu ku UK amene akukukopani kuti musonkherane ndalama mugule kabala kumeneko. Ine ndimaphunzitsa ku Si Racha, m'chigawo chomwecho cha Chonburi, ndipo ku Pattaya ndimapitako kawirikawiri. Tchuthicho pitani, simudandaula. Koma za balazo, gwirani kaye chikwama chanu mwamphamvu.

Amene akuti Pattaya inatha sakunama kwenikweni, kungoti akulira Pattaya yawo. Tauniyi inali mudzi wa asodzi mpaka nkhondo ya ku Vietnam itakula m'zaka za m'ma 1960. Asilikali a America anakhazikika pa bwalo la ndege la U-Tapao, chakummwera kwake, ndipo akapatsidwa masiku opuma ankathamangira kugombe ndi madola m'thumba. Mabala ndi mahotela zinamera potsatira madolawo. Asilikali atachoka chapakati pa zaka za m'ma 1970, mipando yawo anakhalapo azibambo a ku Germany, Britain, Sweden ndi Australia. Malonda onse a usiku anamangidwa pa munthu wa mtundu umodzi: mwamuna woyenda yekha, wokhala pa bala imodzi maola ambiri, womwa pang'onopang'ono, wogulira atsikana zakumwa, ndipo mawa n'kubwereranso pa mpando womwewo. Chapakati pa zaka za m'ma 2000 paundi imodzi inkasinthidwa pafupifupi ma baht 70, ndalama ya ku Thailand. Lero imangopitirira 40 pang'ono. Bambo uja wakalamba, penshoni yake yachepa mphamvu, ndipo ana ake sakubwera kudzalowa m'malo mwake, amapita ku Bali kapena ku Vietnam. Ndiye akamalemba pa Facebook kuti Pattaya inafa, muzidziwa kuti akunena za mpando wake.

Inu munabwera nthawi imene anthu a ku Russia anali atadzaza, zikwangwani za kumadera a Pattaya a Jomtien ndi Naklua zitalembedwa m'zilembo zawo. Kumapeto kwa 2014 ndalama yawo ya rouble inagwa, ambiri anasiya kubwera, ndipo nyumba zosanja zimene ankamangira iwowo zinasowa ogula. Malo awo anatenga a ku China, obwera pa mabasi akuluakulu, gulu lonse likutsatira munthu wonyamula kambendera. Mu 2019 dziko la Thailand linalandira alendo pafupifupi 40 miliyoni, mwa iwo pafupifupi 11 miliyoni ochokera ku China. Chiwerengero chokoma m'makutu a boma, koma mwini bala sankachimva m'thumba. Gulu lija limalowa mu Walking Street, msewu wotchuka wa mabala, mbali ya Beach Road, kujambula magetsi ali waliwali, kujambula atsikana onyamula zikwangwani pakhomo, n'kutulukira ku doko la Bali Hai komwe basi ikudikira, osagula ngakhale botolo limodzi. Chakudya chawo, hotela yawo ndi sitolo zogulamo mphatso zinali zokonzedweratu ndi kampani yowabweretsa.

Kenako mliri wa Covid-19. Mabala anatsekedwa mu March 2020, ndipo ngakhale ankatsegula n'kutsekanso, anadzaloledwa kugwira ntchito bwinobwino mu June 2022. Mu 2021 alendo a dziko lonse sanafike ngakhale theka la miliyoni. Walking Street inali mdima, zitseko zachitsulo zili gwa, anthu akufola pamzere kulandira mpunga waulere. Atsikana ambiri a m'mabala ndi ochokera ku Isan, chigawo chosauka cha kumpoto chakummawa, kumadera monga Udon Thani, Buriram ndi Khon Kaen, ndipo ndalama zimene amapeza amatumiza kumudzi kwa makolo amene akuwalerera ana. Ntchito itatha anabwerera kukalima. Ena sanabwererenso ku Pattaya. Ena anaphunzira kuti foni imagwira ntchito imene bala inkagwira: amapezana ndi makasitomala pa intaneti, popanda mwini bala kudyapo. Ichi n'chimodzi mwa zinthu zimene mzungu wanuyo mwina sanakuuzeni. Bala ya ku Pattaya phindu lake silichokera pa mowa wa Chang kapena Leo. Limachokera pa lady drink, kachakumwa kogulira mtsikana kamene mtengo wake amagawana ndi mwini malo, ndi pa bar fine, ndalama imene mwamuna amalipira kuti mtsikanayo aweruke msanga. Tisabisane, umenewo ndi uhule wovekedwa jekete, ndipo lamulo la dzikolo la 1996 limauletsa ngakhale aliyense akuona. Mukagula bala yotere, mukugula zimenezo.

Tsopano za mmene kulili lero. Walking Street ilipo, ndipo nthawi ya alendo ambiri, kuyambira November mpaka February, munthu umayenda mopanikizana. Koma nyimbo zasintha. Makalabu akuluakulu angapo tsopano amaimba nyimbo za ku India, pakhomo pali anyamata oitanira m'chilankhulo cha Hindi, ndipo malo odyera a chiindiya ali ponseponse mu Second Road. Boma linachotsa visa kwa anthu a ku India kumapeto kwa 2023, ndipo mu 2024 anabwera oposa 2 miliyoni m'dziko lonse. A ku Russia anabwereranso nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu 2022, ambiri ndi mabanja awo, ena kudzakhala miyezi. Palinso a ku Korea obwera kudzasewera gofu, ndi Aarabu okonda malo awoawo chakumapeto kwa Walking Street. Azungu okhalitsa aja anasamukira mkati, ku timisewu ta Soi Buakhao ndi LK Metro, komwe lendi ndi yotsikirapo ndipo mowa ndi wotchipa. Soi 6 ikadali yaphokoso kuyambira masana.

Mukafuna kuona kusinthaku ndi maso, pitani pa timabala ta panja ta ku Soi 7 kapena Soi 8 cha m'ma 10 koloko usiku m'mwezi wa June. Mupeza atsikana asanu kapena asanu ndi mmodzi atakhala kuseri kwa kauntala, aliyense maso pa foni. Bolodi la masewera oponya timabatani limene ankakopera makasitomala lili pambali, belu lija loti ukaliza wagulira bala yonse silinakhudzidwe. Pakona pali mdala mmodzi wa ku Ulaya akulera botolo limodzi m'kathumba kake koziziritsira. Ndiye muwoloke Beach Road mupite pa mchenga. Kumeneko kuli anthu piringupiringu, atayala mphasa, akumwa mowa wogula pa sitolo ya 7-Eleven, akudya nyama yootcha ya pa ngolo, Athai ndi alendo omwe. Anthu alipo, ludzu lilipo, koma ndalama yadutsa pakhomo pa bala osalowa.

Eni mabala amakonda kunena kuti Amwenye ndi ouma manja, amagawana botolo limodzi anthu anayi. Ine zimenezo sindigwirizana nazo kwenikweni. Munthu yemweyo amalipira hotela, amalipira boti lopita ku chilumba cha Koh Larn, amakwera parachute yokokedwa ndi boti, amadya kawiri m'lesitilanti, ndipo ena amachititsa maukwati athunthu m'mahotela akuluakulu. Akungokana kuwononga ndalama mmene mzungu wa 1995 ankawonongera. Vuto si kasitomala, vuto ndi sitolo imene ikugulitsabe katundu wa kasitomala amene anapita.

Boma nalo lakhala likusinthasintha malamulo, ndipo munthu wa bizinesi ayenera kuchita nazo mantha zimenezi. Pa 9 June 2022 chamba chinachotsedwa pa mndandanda wa mankhwala oletsedwa. Miyezi yochepa chabe, sitolo za tsamba lobiriwira zinali pa ngodya iliyonse, ena atasandutsa mabala awo kukhala mashopu a chamba. Mu June 2025 boma linatembenuka n'kulamula kuti wogula akhale ndi kalata ya dokotala. Amene anathira mpamba wawo wonse mmenemo anagwira m'mutu. Mbali ina, kuyambira pa 15 December 2023 malo achisangalalo a m'madera osankhidwa, kuphatikizapo Pattaya, analoledwa kutseka 4 koloko m'mawa m'malo mwa 2 koloko. Opindula ndi makalabu akuluakulu. Kabala kakang'ono kopanda anthu 11 koloko sikadzaza chifukwa choti mwakawonjezera maola awiri.

Za alendo a ku China, amene aliyense ankadikira kuti abwerere, sizinayende monga ankayembekezera. Mu 2024 anabwera pafupifupi 6.7 miliyoni pa alendo oposa 35 miliyoni. Mu January 2025 wosewera mafilimu wa kwawoko, Wang Xing, ananamizidwa za ntchito, anafikira ku Bangkok, n'kupezeka atawolotsedwa malire kupita ku misasa ya akuba a pa intaneti ku Myanmar. Anapulumutsidwa, koma nkhaniyo inafala ku China konse ndipo ambiri anasintha maulendo awo kupita ku Japan ndi ku Vietnam. Ndidutsireko pang'ono apa, chifukwa m'gulu muno muli achinyamata ofuna ntchito kunja: msampha womwewo wakola anthu ambiri a ku Kenya, Ethiopia ndi Uganda. Munthu akakulonjezani ntchito ya pa kompyuta ku Thailand, tikiti yaulere, malipiro a madola, ndipo galimoto yokutengani pa bwalo la ndege ikulowera ku Mae Sot, tauni ya kumalire ndi Myanmar, kumeneko si ku ntchito.

Chimene anzanu aja sakuona n'choti ndalama zambiri za Pattaya tsopano zimayenda masana. Nyumba yaikulu ya masitolo ya Terminal 21 inatsegulidwa mu 2018, inzake ya Central ya pa Beach Road imadzaza tsiku lililonse. Gombe lenileni, limene mu 2013 munaliona litadyedwa ndi madzi, analithira mchenga watsopano n'kulikulitsa. Mabanja amapita ku Nong Nooch kukaona maluwa, ku Sanctuary of Truth, chinyumba chachikulu chosema ndi mitengo yokhayokha chimene anayamba kumanga mu 1981, ndi ku malo osewerera m'madzi monga Ramayana. Tiffany's Show, chionetsero cha nyimbo ndi magule, ikadalipo ndipo mabasi amafika. Loweruka ndi Lamlungu anthu a ku Bangkok amatsika pa Motorway 7, ulendo wa maola awiri, kudzadya nsomba ndi nkhanu ku Jomtien ndi ku Na Jomtien, komwe malesitilanti a m'mphepete mwa nyanja akuchulukirachulukira. Onjezanipo ogwira ntchito ku doko la Laem Chabang ndi m'mafakitale a Chonburi ndi Rayong. Akuluakulu a mzinda akufunitsitsa kuti Pattaya izidziwika ngati malo a mabanja ndi misonkhano. Sanafike pamenepo, ndipo sindikhulupirira kuti adzafikapo msanga, chifukwa usiku ukudyetsa anthu ambiri. Sitima yothamanga yolumikiza mabwalo a ndege a Don Mueang, Suvarnabhumi ndi U-Tapao anasainirana mu 2019, mpaka pano tikungoimva m'nkhani.

Za ulendo wanu. Ngati muli ndi pasipoti ya Britain mulowa popanda visa, koma ya Malawi imafuna visa, ndipo masiku ano mumafunsira pa intaneti musananyamuke. Kuyambira May 2025 aliyense amadzaza fomu yolowera m'dziko ya pa intaneti, TDAC, mkati mwa masiku atatu asanafike. Timagalimoto tabuluu tija tokhala ndi mabenchi kumbuyo tikuzungulirabe Beach Road ndi Second Road pa mtengo wotsika, ndipo Bolt ndi Grab, njira zoitanira galimoto pa foni, zathetsa mikangano yambiri ya mitengo ndi a kabaza a njinga zamoto. Musasiye pasipoti kwa wobwereketsa njinga yamoto, ndipo jet ski ingoisiyani, nkhani zolipiritsa mlendo pa mng'alu umene unalipo kale sizinathe. Fodya wamagetsi ndi woletsedwa ngakhale muwaona akugulitsa. Za banja lachifumu musatchule n'komwe, chilango chake chimafika zaka 15. Muziyenda ndi kope la pasipoti, kufunsidwa mapepala kumachitika, makamaka kwa ife akhungu lakuda. Mukabwera mu April, dziwani kuti ku Pattaya mwambo wothirana madzi wa Songkran umafika pachimake pa 19, ena onse atamaliza kale.

Ndibwerere ku bala ija. Mlendo saloledwa kukhala ndi malo m'dzikolo, ndipo pa kampani wamba gawo lake silipitirira 49 peresenti, zotsalazo ziyenera kukhala m'manja mwa Athai. Njira yachidule yolemba mayina a Athai ongobwereka ndi mlandu, ndipo posachedwapa boma lakhala likuifufuza kwambiri. Kuti mupeze chilolezo chogwira ntchito, kawirikawiri pamafunika mpamba wolembetsa wa ma baht 2 miliyoni ndi antchito anayi a Chithai. Popanda chilolezocho, ngakhale kutsegulira kasitomala botolo mu bala yanu yomwe kungakugwetseni m'mavuto. Chimene amagulitsa akamati bala si nyumba ayi, ndi pangano la lendi, mipando, firiji ndi dzina. Pangano likatha mwini nyumba amafuna ndalama ina yapamwamba kuti muwonjezere, ndipo malo akayamba kuyenda bwino amakweza. Mabala ambiri amagulitsidwa cha mu February kapena March, wogula ataona anthu ali thithithi, mvula ya May mpaka October isanayambe.

Mufunseni mnzanuyo zinthu zitatu: pangano la lendi latsala ndi zaka zingati, 51 peresenti ili m'dzina la ndani, ndipo ndani azikhala pa kauntala inu muli ku UK. Ndiye akutumizireni mabuku a ndalama a mwezi wa June ndi wa September, osati a December. Akawatumiza muwaponye muno, tiwawerengere limodzi.