Akufuna kugula kakampani kanga koma theka la ndalama akuti adzandipatsa patsogolo, ndivomere?

Funsoli lachokera kwa achimwene ena omwe ali ndi kakampani kojambula mavidiyo komanso kuyendetsera anthu ma channel a pa YouTube. Akuti kampani ina yayikulu ikufuna kuwagula, theka ilipire pompano, theka linalo pakatha zaka ziwiri ngati bizinesiyo itakula kufika pomwe agwirizane.

Achimwene, dilu yanuyi yandikumbutsa Maker Studios, kusiyana ndi kukula basi. Kampaniyi inayamba mu 2009 ku California ndipo oyambitsa ake anali anthu omwe ankapanga okha mavidiyo pa YouTube, monga Shay Carl, Lisa Donovan ndi Danny Zappin, nzeru yawo inali yoti tikakhala gulu limodzi tizibwerekana makamera, tizikankhirana owonera, komanso otsatsa malonda tizikambirana nawo mtengo tili ambiri osati aliyense payekha. Zinayendadi, pofika 2014 anali ndi ma channel pafupifupi 55,000, ngakhale PewDiePie, mmodzi mwa opanga mavidiyo otchuka kwambiri pa YouTube, anali momwemo.

Mu Marichi 2014 kampani yayikulu ya mafilimu ya Disney inawagula pa madola 500 miliyoni, nkulonjeza ena okwana 450 miliyoni ngati kampaniyo ikwanitse zomwe anagwirizana. Aliyense ankangotchula 950 miliyoni ngati ndalama zalowa kale mthumba. Zomwe zinatulukadi zonse pamodzi ndi pafupifupi 675 miliyoni, ndiye kuti pa lonjezo lija sanapeze ngakhale theka.

Vuto lina linali loti ankalima munda wobwereka. Pa ndalama za ma advert YouTube imatenga 45 peresenti yake, yotsalayo mugawanenso ndi mwini channel, ndiye ma views amaoneka ochuluka zedi koma zotsalira kampani zochepa. Inunso muli pamunda womwewo, ndipo okugulaniwo akudziwa zimenezi, nchifukwa chake sakufuna kulipira zonse lero. Komanso mukagulitsa chiwongolero si chanunso. Ku Maker bwana wamkulu Ynon Kreiz anachoka, mu 2017 Disney inasiyana ndi PewDiePie, inadula ma channel ambirimbiri ndipo kampaniyo anangoilowetsa mu Disney Digital Network, dzina la Maker nkuzimirira.

Sindikunena kuti mukane ayi, anthu a Maker anapezabe ndalama zambiri. Koma khalani pansi mudzifunse kuti theka la pompanoli likanakhala mtengo wonse, mukanagulitsa? Ngati mtima ukukana, apempheni akweze ya pompanoyo ngakhale zitachepetsa ya patsogolo, chifukwa ndaonapo anthu akudandaula kuti anapereka thukuta la zaka zambiri pa lonjezo, zimandipweteka kwambiri.

Mu kontilakiti onetsetsani kuti chomwe mukuyenera kufikacho chiwerengedwe pa ndalama zolowa osati pa phindu, phindu ndi losavuta kulifafaniza, angokuikirani lendi ya ofesi yawo ndi malipiro a mabwana awo pa mabuku anu basi latha. Mulembemonso kuti akakuchotsani ntchito, akatseka kampaniyo kapena kuiphatikiza ndi ina zaka ziwirizo zisanathe, akulipireni yotsala yonse nthawi yomweyo, komanso muzikhala ndi ufulu woona mabuku mwezi uliwonse. Loya mupeze wanu, osati yemwe akubweretsereni iwowo.

Chinanso mundiuze, eni ma channel omwe mumawayendetserawo munasainirana nawo mapepala kapena mumangogwirizana pakamwa? Chifukwa ogulawo chomwe akugula kwenikweni ndi anthu amenewo, awiri atatu akuluakulu akangochoka mwezi woyamba theka lachiwiri lija simudzalionanso.