Chifukwa chake tiyi wanu wobiriwira akuwawa

Achemwali, mwafunsa chifukwa chake tiyi wobiriwira amene munagula akuwawa chonsecho mukumuphika monga mwa masiku onse. Vuto lagona pomwepo.

Tiyi amene tinakulira kuno ku Thyolo ndi wakuda, wa masamba ogayidwa bwino aja. Ameneyu amafuna madzi owira kuti bwatabwata, ndipo pakatha mphindi 3 mpaka 5 wapsa. Ngakhale mumuwiritse mumphika pamodzi ndi mkaka, amapirira.

Wobiriwira sapirira zimenezo. Masamba ake amawatenthetsa akangothyoledwa kuti asade, ndiye mukawathira madzi otentha kwambiri amatulutsa kuwawa konse nthawi imodzi. Madzi akawira, phulani ketulo pambaula, vundukulani, mudikire mphindi ngati 5 kuti afike pa madigiri 80 kapena kucheperapo pang'ono. Thirani pa supuni yaing'ono imodzi ya masamba pa kapu, ndipo musapitirire mphindi 3 musanasefe. Masambawo musataye, amalola kuwathiranso madzi kachiwiri, ndipo ine kapu yachiwiriyo ndiyo imandikomera. Mkaka musaikemo. Chinanso, musawasiye masamba mufulasiki tsiku lonse, apo ndiye kuwawa kumanyanya.

Ku Satemwa, esiteti yomwe inayamba mu 1923, amakonzanso oolong, mtundu wa tiyi wa pakati pa wakuda ndi wobiriwira. Ameneyo madzi akhale otentherapo kuposa a wobiriwira, koma asakhale owira.

Chidede ndiye alibe chovuta, muviikeni m'madzi owira mphindi ngakhale 10. Masamba onsewa sungani m'chitini chotseka bwino, kutali ndi sopo ndi usipa, chifukwa tiyi amakoka fungo, makamaka nyengo ya chiperoni kukakhala chinyontho.