Kodi kafukufuku wa ngalande ndi zinyalala n'kutaya nthawi?

Mtsikana wina wophunzira payunivesite wandilembera kalata pa imelo. Akufuna kufufuza za misewu, ngalande ndi zinyalala mumzinda wa Zomba, koma anzake akumugwetsa mphwayi kuti malipoti otere amangodyedwa ndi chiswe m'makabati. Achemwali, funso lanu landiutsira chilonda chakale.

Zaka zapitazo ndinagwirako ganyu kubungwe lina, yoyenda m'makomo kufunsa anthu mafunso. Tinkazungulira ku Chikanda ndi ku Mpondabwino, mapepala ali m'manja, dzuwa likuswa mtengo. Tsiku lina ndinafika kwa gogo wina amene madzi a mvula anali atamugumulira khonde. Anandiyalira mkeka, nayankha funso lililonse modekha. Nditatsanzika anati, "Mwananga, anzako anabweranso chaka chatha, anafunsa zomwezi. Kodi mayankho athuwa mumapita nawo kuti?" Ndinangoti kakasi. Lipoti lakelo ngakhale ine sindinalione, ndipo mpaka lero mtima umandipweteka ndikadutsa njira imeneyo.

Chinanso, pepala lathu linali litagawa zinthu: tsamba la madzi, la zinyalala, la nkhuni. Gogoyo sankagawa. Ankaloza kuphiri n'kunena kuti mavuto a pakhonde pake akuchokera uko. Ankanena zoona. Mitengo ikatha m'mapiri, madzi amatsika mwaukali ndi mchenga, n'kukumana ndi majumbo m'ngalande, ngalandezo n'kutsekeka, msewu n'kukumbika. Zotsalazo zimathera mumtsinje wa Likangala, umene umakathira m'nyanja ya Chilwa. Nyanja imeneyi inalowa m'ndandanda wa madambo otetezedwa wa Ramsar, koma inaphwapo mu 1968 ndi 1995, asodzi n'kusowa pogwira. Madzi a m'mipope yathu nawonso amachokera kuphiri komweko, kudamu la Mulunguzi. Amene anaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 safunikanso kumuuza mphamvu ya madzi otsika m'phiri.

Ndinene mosapsatira: wofufuza msewu osakweza maso kuphiri akungotaya inki. Tisaiwalenso kuti Zomba inali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo pakati pa tauniyi anapakonza poganizira maofesi a boma la atsamunda ndi anthu ochepa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 100,000 mumzindawu. N'chifukwa chake zimandiwawa ndikamawerenga zolemba zotchula akabaza ndi mavenda ngati chisokonezo cha pamsewu. Wakabaza amadziwa dzenje lililonse kuchokera ku Chinamwali mpaka ku Matawale. Mayi wogulitsa tomato pamsika amadziwa tsiku limene zinyalala zinachotsedwa komaliza. Amenewa ndi aphunzitsi anu, ndipo mayina a malo amene angakutchulireni simungawapeze pamapu.

Ndiye mupitirize?

Pitirizani, achemwali. Muli ndi mwayi poti National Archives (kosungira zikalata zakale za boma), National Statistical Office (ofesi yoona za kalembera) ndi Forestry Research Institute of Malawi (bungwe lofufuza za nkhalango) onse ali konkuno. Sankhani ngalande imodzi yokha, muilondole nthawi ya dzinja kuchokera kumtunda mpaka ku Likangala, mutayamba mwaonekera kwa amfumu. Mukamaliza, mulembe masamba awiri m'Chichewa, mubwerere kwa anthu amene anakuyankhaniwo mukawawerengere pamsonkhano, kope lina mukasiye kukhonsolo.