Chithunzi chokhala ndi chidindo cha Man Ray: musachipukute kaye

Achimwene, mwati mwagula chithunzi chakuda ndi choyera kumsika wa zinthu zakale ku London, kumbuyo kwake kuli chidindo cha Man Ray (wojambula zithunzi wotchuka wa ku America amene ankagwira ntchito ku Paris) ndi adiresi ya 31 bis rue Campagne-Première, ndipo mukufunsa ngati n'cha m'ma 1920 komanso ngati mungapukute kunyezimira kwabuluu komwe kuli m'mbali mwake musanachiike m'fulemu yatsopano.

Osapukuta ayi. Kunyezimirako ndi siliva wa m'chithunzi momwemo amene wakwera pamwamba chifukwa cha chinyontho ndi mpweya woipa. Mukapukuta, mwakanda chithunzicho ndipo mwafufuta umboni. Fulemu yakaleyo, katoni yakumbuyo, timapepala tomata, ngakhale manambala olembedwa ndi pensulo, sungani zonse.

Chidindocho chisakusangalatseni msanga. Adiresiyo ndi yoona, Man Ray anali ndi situdiyo pamenepo ku Paris kuyambira 1922. Koma chidindo ndi mphira chabe, chimatha kutsala m'manja mwa ena mwini wake atapita, ndipo kusema china sikuvuta. Man Ray anamwalira mu 1976, ndiye m'ma 1990 Werner Bokelberg wa ku Germany, munthu wodziwa zithunzi bwino lomwe, anagula zambiri zokhala ndi zidindo zooneka zenizeni, zomwe pambuyo pake zinapezeka kuti zinatsukidwa pamapepala opangidwa Man Ray atamwalira kale. Palinso zithunzi zomwe si zachinyengo konse: Man Ray atabwerera ku Paris mu 1951, ntchito zake zakale zinkatsukidwanso, zina ndi katswiri wotsuka zithunzi Pierre Gassmann. Zimenezo n'zake ndithu, koma mtengo wake ndi wina. Kuti muone kusiyana, chithunzi chake chotchedwa Le Violon d'Ingres chotsukidwa mu 1924 chinagulidwa madola 12.4 miliyoni kukampani ya okushoni ya Christie's mu 2022. Pamene pali ndalama zotere, akamberembere sasowa.

Chomwe sichinama msanga ndi pepala. Kuyambira m'ma 1950 makampani anayamba kuthira m'mapepala a zithunzi mankhwala owalitsa kuti aziyera mbee. Mukaunika ndi tochi ya UV m'chipinda chamdima, pepala lotere limawala buluu, makamaka kumbuyo ndi m'mphepete moyera. Likawala choncho, nkhani ya 1920 yathera pomwepo. Ndi njira imeneyi yomwe inathandiza katswiri wosamala zithunzi Paul Messier mu 1999 kuulula zithunzi zomwe ankati anatsuka Lewis Hine, wojambula zithunzi wa ku America amene anamwalira mu 1940. Koma mumve bwino apa: likapanda kuwala, sizikutanthauza kuti n'lakale. Mankhwalawo amasuluka ndi madzi komanso kuwala, ndipo mapepala ena atsopano alibe n'komwe. Unikani kwa masekondi ochepa basi, osayang'ana m'tochimo. Onaninso kumbuyo: kukakhala koterera ngati pulasitiki, limenelo ndi pepala lomwe linayamba kupezeka chakumapeto kwa m'ma 1960.

Kupitirira apo ndi ntchito ya katswiri wosamala zithunzi. Iye amayeza kukhuthala kwa pepala, amaunika pamwamba pake ndi kuwala kochokera cham'mbali, ndipo amatha kutapa kachidutswa kakang'onong'ono n'kuona pa maikulosikopu ngati ulusi wake ndi wa thonje kapena wa mitengo. Ndi mmene a kunyumba yoonetsera zaluso ya MoMA ku New York anafufuzira zithunzi 341 zomwe anasonkhanitsa Thomas Walther, zomwe anazionetsa mu 2014. Poti muli ku Britain, fufuzani pamndandanda wa bungwe la Icon, la akatswiri osamala zinthu zakale, ndipo musankhe wa zithunzi, osati wokonza mafulemu wapakona.

Mbiri ya eni ake ndiyo muyenera kuithamangira sabata ino, wogulitsayo asanaiwale. Mufunseni komwe anachitenga, akulembereni, ndipo risiti musataye. Mawu akuti "chinali cha gogo wina wa ku France" sathandiza popanda kalata, risiti kapena kabuku ka chionetsero. Ngati chili chakaledi, ogula adzafunsa komwe chinali pakati pa 1933 ndi 1945, chifukwa katundu wambiri analandidwa nthawi ya a Nazi. A Art Loss Register, omwe amasunga mndandanda wa zaluso zobedwa ndipo ali ku London konko, amafufuza zimenezi pamalipiro.

Pakadali pano chigwireni m'mbali mutavala magolovesi, chigoneke chafulati mufoda yopanda asidi, m'kabati youma, kutali ndi dzuwa ndi hita. Mujambule kutsogolo, kumbuyo ndi chidindocho chapafupi, muike rula pambali kuti kukula kuoneke. Katswiri aliyense adzayamba kupempha zimenezo asanakuuzeni mtengo wa ntchito yake.