Yankho: kudetsa thabwa la gitala kuti lizioneka lakale

Achimwene a ku Senga Bay, mwati mwapala penti pa gitala yanu ya magetsi, ndiye mukufuna thabwalo lioneke ngati lakhalitsa osati ngati mwangolipaka polishi. Musavutike ndi stain wa m'sitolo. Tengani steel wool yotsukira mapoto ija, yopanda sopo, muyiviike mu viniga woyera m'botolo masiku awiri kapena atatu, koma chitsekerero musamange kwambiri chifukwa mumatuluka mpweya. Mukasefa ndi kansalu, mankhwala ndi amenewo.

Chimachitika n'chakuti chitsulo chosungunukacho chikakumana ndi tannin, mankhwala achilengedwe opezeka m'thabwa ndi mu tiyi, mtundu umasintha kukhala wotuwa modera. Nde vuto ndi loti magitala ambiri ngati a Fender amapangidwa ndi alder kapena ash, khosi lake maple, mitengo imeneyi tannin ndi wochepa, mukhoza kupaka osaona kanthu. Yambani mwapaka tiyi wakuda bii, wa Chombe yemweyu, aume kaye, kenako viniga uja. Ikakhala mbawa chenjerani, imada msanga, sungunulani ndi madzi.

Yeserani kaye pamalo pobisika pomwe khosi limalowa paja. Ma pickup (timaginito totola mawu a nsambo) ndi bridge (chitsulo chogwira nsambo pa thabwa) chotsani, viniga amachititsa dzimbiri.

Musapake paliponse mofanana ayi, zimaoneka zabodza. Detsani kwambiri pomwe mkono umakhuza ndi kumbuyo komwe lamba amakanda, m'mphepete mupalepale ndi sandipepa wosalala wa nambala 320. Pomaliza pakani mafuta a linseed oil pang'ono pang'ono, vanishi wonyezimira ine ndimakana. Ndi chinyezi cha kunyanja kuno nthawi ya dzinja mafutawo amachedwa kuuma, muzidikira aume bwinobwino musanapakenso.